Za Kukhulupirika kwa Wokopera Mawu

Pali vuto lina limene limagwera anthu osunga nyimbo pa kompyuta, ndipo ngakhale limaoneka laling'ono, lili ndi funso lalikulu m'kati mwake, loyenera kuti munthu akhale pansi ndi kulisinkhasinkha. Munthu amene kwa zaka zambiri wakhala akukopera nyimbo kuchokera pa zimbale za CD kuti azisunge mu kompyuta yake, tsiku lina amavomera kuti mapulogalamu ake akale alowedwe m'malo ndi atsopano; ndipo kutacha, ataika chimbale m'thireyi ndi kuikankha monga mwa masiku onse, amamva chikuzungulira m'katimo, kulira pang'ono, kenaka zii, pulogalamu n'kumuuza kuti mulibe chimbale. Mwina chimbale chimaoneka, koma nyimbo zilibe maina, zangondandalikidwa ndi manambala. Mwinanso zimakopereka ndithu, koma pozimvera mukumveka kuthetheka kumene dzulo kunalibe. Pamenepo mtima umafulumira kuweruza chimbale, kuti chakalamba ndipo chiyenera kutayidwa. Komatu chimbale chili monga chinalili dzulo, ndipo amene wasintha usiku umodzi ndi wowerenga wake.

Funso limene ndikuona m'menemo ndi ili: pamene mawu asungidwa kuti akafike kwa ena, kodi iye amene waima pakati, wowerenga ndi wokopera, ali ndi mangawa anji kwa mawuwo? Ndipo akafika pamalo pamene maso ake sangathe kuwerenga, chokoma n'chiti, kudzaza mpatawo ndi nzeru zake kuti womvera asakhumudwe, kapena kuvomera poyera kuti apa sindinawerenge? Funsoli n'lakale kuposa makina onse, pakuti alembi a Malemba analimbana nalo zaka mazanamazana magetsi asanadziwike. Koma chimbale chimaliika pafupi ndi ife, pa tebulo lathu lomwe, m'maonekedwe amene tingathe kuwagwira ndi manja.

Chimbale cha CD chinabadwa mwa pangano la makampani awiri, Philips wa ku Netherlands ndi Sony wa ku Japan, amene anagwirizana za kapangidwe kake m'chaka cha 1980, ndipo zimbale zoyamba zinafika pa msika mu 1982. Pa nkhope yake yonyezimira, imene kutambalala kwake ndi masentimita 12, pali kanjira kamodzi kozungulira, koyambira pakati kunka kumphepete, kamene mukadakhoza kukatambasula kakadapitirira makilomita 5. Ndipo m'kanjirako muli timaenje tosaoneka ndi maso, timene kuwala kwa leza kumatiwerenga. M'timaenjemo mulibe liwu lililonse, muli manambala okhaokha. Pakuti pojambula, mphamvu ya liwu imayesedwa maulendo 44,100 pa sekondi imodzi, kumbali ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo muyeso uliwonse umalembedwa ngati nambala. Chotero kwaya yonse imene inaimba tsiku lojambula, ndi ng'oma zake, ndi kupuma kwa woyambitsa nyimbo, zagona m'menemo zosalankhula, kudikira wina wodziwa kuwerenga kuti azidzutse.

Akatswiri amene anakonza zimenezi ankadziwa kuti chimbale chidzagwa pansi, chidzagwidwa ndi zala zamafuta, chidzakalika. N'chifukwa chake anabwereka masamu amene Irving Reed ndi Gustave Solomon anafalitsa mu 1960, nawonjezera manambala ena olondera anzawo, namwaza miyeso yoyandikana kuti ikhale motalikirana pa kanjirako, monga mayi wanzeru amene sasunga mbewu yake yonse m'chikho chimodzi, koma ina patsindwi, ina kwa mchemwali wake, kuti anankafumbwe akalowa kumodzi, chaka chamawa asasowe chobzala. Mwa nzeru imeneyi, chipsera chotalika mamilimita 2 kapena kupitirira pang'ono chimakonzeka kotheratu, manambala otayika n'kubwezedwa enieniwo. N'chifukwa chakenso odziwa amalangiza kupukuta chimbale ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kunka kumphepete, osati mozungulira. Pakuti chipsera chodutsa mopingasa chimangoluma pang'ono pa mzera uliwonse, pamene chotsata kanjira chimafafaniza manambala ambiri otsatizana. Koma chipsera chikakula kuposa mphamvu ya masamuwo, wailesi yoimba zimbale siima kuti idandaule. Imayang'ana muyeso wa patsogolo ndi wa pambuyo, n'kuikapo pakati nambala yoyerekeza, ndipo khutu la munthu kawirikawiri silizindikira kanthu.

Tsono kukopera chimbale cha nyimbo si ntchito yongosamutsa katundu. Pa chimbale chotere palibe mafayilo; zimene kompyuta ya Windows imaonetsa, timafayilo ta .cda ta mabayiti 44 kamodzi, ndi tizikwangwani chabe toloza pamene nyimbo yayambira, ndipo ambiri atikopera pa fulashi n'kukapeza kunyumba kuti anyamula chabe. Nyimbo yeniyeni imayenera kuwerengedwa chigawo ndi chigawo, zigawo 75 pa sekondi, chilichonse cha mabayiti 2,352. Chimbale chosungira makalata ndi zithunzi chimangogwiritsa ntchito mabayiti 2,048 mwa amenewo, otsalawo n'kuwapereka ku ntchito yolondera ndi yoloza malo. Koma chimbale cha nyimbo chinapangidwira kuimba mosalekeza, ndipo draivi, chipangizo chowerenga chimbale mu kompyuta, ikaima n'kubwerera, siipeza nthawi zonse malo enieni pamene inalekezera. Pakati pa chimbale ndi khutu pali mndandanda wa amithenga: draivi, pulogalamu yoilamulira, pulogalamu yokopera, ina yopanikiza nyimbo kuti ikhale MP3 kapena FLAC, inanso yokafunsa maina pa intaneti, ndipo mapulogalamu akasinthidwa, aliyense wa amithengawa angathe kukhala amene wasokera.

Apa mpamene pamafunika khalidwe limene akuluakulu analitchula ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wodekha amayamba watenga chimbalecho kukachiyesa m'wailesi wamba, ndipo chikaimba, amadziwa kuti mlandu suli pa icho. Kenaka amafunsa ngati kompyuta ikuiona draivi ndi kuitchula dzina loyenera. Pakuti pa makina ambiri a Linux, cha m'ma 2007 ndi 2008, dzina la draivi linasintha kuchoka pa /dev/hdc kukhala /dev/sr0, ndipo mapulogalamu amene anali atasunga dzina lakale ankangogogoda pa khomo limene kulibenso. Amafunsanso ngati iye mwini akali ndi chilolezo chowerenga draiviyo, poti nthawi zina dzina lake limakhala litachoka m'gulu la ololedwa. Akaona kuti nyimbo zikukopereka ngati WAV koma zikukana kukhala MP3, amazindikira kuti chasowa ndi kapulogalamu kopanikiza, monga LAME, kamene ena opanga Linux sankakaphatikiza chifukwa cha malamulo a umwini mpaka m'chaka cha 2017. Pa zonsezi lamulo ndi limodzi, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndi kuyesanso. Pakuti wosintha zinthu zisanu pamodzi, ngakhale vuto lithe, sadzadziwa chimene chinalithetsa, ndipo likadzabweranso adzakhala mbuli monga poyamba.

Ndikuona kuti m'kachitidwe kameneka muli phunziro la mzimu. Mbadwo uliwonse, ukapeza kuti mawu a makolo ake sakumvekanso, umafulumira kunena kuti mawuwo atha ntchito, pamene kawirikawiri chimene chasintha ndi makutu, chilankhulo, kapena khomo limene umagogodapo. M'masiku a mfumu Yosiya buku la chilamulo linapezeka m'Kachisi momwemo pamene ankakonza nyumbayo. Silinathawe, silinasinthe, koma anthu anali ataleka kuliwerenga, ndipo mfumu italimva inang'amba zovala zake, osati bukulo. Kudzichepetsa koyamba kwa munthu wofunafuna choonadi ndiko kufunsa ngati cholakwa chili mwa iye mwini, asanaloze chala zimene analandira.

Nkhani ya maina ili ndi phunziro lakelake. Zimbale zambiri sizidziwa dzina la nyimbo zake kapena la woimba; chimene zili nacho ndi chiwerengero cha nyimbo ndi malo pamene iliyonse yayambira. M'zaka za m'ma 1990, Ti Kan ndi Steve Scherf anayambitsa nkhokwe yotchedwa CDDB, imene inkazindikira chimbale poona kutalika kwa nyimbo zake, ndipo anthu zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana ankalembamo maina ndi manja awo, mosalipidwa, kuti mnzawo wosamudziwa asavutike. Nkhokweyo itagulitsidwa n'kudzatchedwa Gracenote, ndipo malamulo oigwiritsira ntchito atakhwima, ena anatsegula freedb, ndipo Robert Kaye anayambitsa MusicBrainz. Koma freedb nayo inatsekedwa mu 2020, kotero kuti pulogalamu iliyonse imene ikali kufunsa kumeneko siyankhidwa, kufikira mwini wake ataiuza kwina kokafunsa. Ndipo chimbale cha kwaya ya pa mpingo wathu, chojambulidwa mu situdiyo yaing'ono ndi kugulitsidwa pakhomo pa tchalitchi, mwina sichinalembedwepo m'nkhokwe iliyonse. Maina ake ali pa kapepala ka m'chikuto ndi m'mitu ya amene anaimba, ndipo ngati wokopera achita ulesi kuwalemba, adzukulu adzalandira nyimbo zopanda eni.

Komabe mavuto onsewa, ngakhale ali otopetsa, ali ndi ubwino umodzi, kuti amadzionetsa okha. Vuto loopsa koposa ndi limene limabwera litavala nkhope ya chipambano. Mapulogalamu akasinthidwa, zimene mwini anasankha kale nthawi zina zimafafanizika, pulogalamu n'kubwerera ku njira yachangu, yowerenga chigawo chilichonse kamodzi kokha ndi kulandira chilichonse chimene draivi yapereka. Ntchito imatha m'mphindi zochepa, palibe chenjezo lililonse, ndipo munthu amakondwa kuti zatsopano zaposa zakale; osadziwa kuti pamalo pamene panali chipsera, draivi inayerekeza, ndipo choyerekezacho chalembedwa m'fayilo ngati choonadi, kuti chikoperedwe kwa mbale, kwa mnansi, kwa mwana, popanda wina wokhoza kuchisiyanitsa ndi chenicheni. Akale anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndipo mthenga amene amabwera msanga ndi nkhani yosalala ndi amene tiyenera kumufunsitsa.

Pofuna kuthana ndi choipa chimenechi, m'chaka cha 1998 kunatuluka mapulogalamu awiri otchuka, cdparanoia ya Christopher Montgomery ndi Exact Audio Copy ya Andre Wiethoff, amene ntchito yawo ndi kukayikira: amawerenga malo amodzi mobwerezabwereza, kufananitsa zotulukapo, ndipo pamene alephera amalemba m'kaundula kuti pa mphindi yakuti ndi sekondi yakuti pali chokayikitsa. Koma ngakhale pamenepa pali msampha. Pakuti madraivi ambiri amasunga m'chikumbumtima chawo chaching'ono zimene angowerenga kumene, ndipo ukawafunsanso, sabwerera ku chimbale, amangobwereza yankho lakale, cholakwa chomwecho n'kuoneka ngati chatsimikizika. Chilamulo cha Mose chinakana kuti munthu atsutsidwe pa umboni wa munthu mmodzi, chinafuna awiri kapena atatu. Ndipo n'zodziwikiratu kuti mboni imodzi yolankhula kawiri siisanduka mboni ziwiri. Pa chifukwa chimenechi kunakhazikitsidwa nkhokwe ya AccurateRip, imene imalandira nambala yachidule ya nyimbo iliyonse kuchokera kwa anthu amene anakopera chimbale chofanana, pa draivi ina, m'dziko lina, ndi zipsera zina. Ndipo nambala yanu ikagwirizana ndi yawo, mumadziwa kuti mwawerenga zenizeni. Koma kuti mugwirizane nawo, muyenera kuyamba mwadziwa kupendekeka kwa draivi yanu, pakuti pafupifupi iliyonse imayamba kuwerenga patali pang'ono ndi malo enieni, ina miyeso 6, ina 667. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ndipo wofuna kufananitsa umboni wake ndi wa anzake ayambe wavomera kuti diso lake lomwe lili ndi mbali imene limakhotera.

Alembi a Chiyuda otchedwa Amasorete, amene anagwira ntchito yawo makamaka ku Tiberiya, m'mbali mwa nyanja ya Galileya, m'zaka za pakati pa 600 ndi 1000, ankadziwa zonsezi popanda makina. Ankawerenga mavesi, mawu ndi zilembo za mabuku amene ankakopera, nalemba ziwerengerozo kuti wobwera pambuyo athe kudziyesa nazo; ndipo akapeza liwu limene ankakhulupirira kuti liyenera kuwerengedwa mwa njira ina, sankalifafaniza, koma ankalisiya monga analipeza, malingaliro awo n'kuwalemba m'mphepete. Pa chiyambi cha mutu 13 wa buku loyamba la Samueli, pamene pakutchulidwa zaka za mfumu Sauli polowa ufumu, nambala inatayika kalekale m'zolembedwa za Chihebri. Ndipo ngakhale mlembi aliyense akadatha kuikapo nambala yomveka, mibadwo ya alembi inakopera mpatawo monga unalili. Mipukutu ya ku Qumran itapezeka mu 1947, pakati pake pali wa Yesaya umene unali wakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa mabuku a Amasorete, kugwirizana kwake kwakukulu ndi iwo kunaonetsa chimene kuopa kuwonjezera kungathe kusunga.

Nkhani ya katswiri wina wotchedwa Erasmus imaonetsa mbali inayo. Pokonza Chipangano Chatsopano cha Chigriki chimene chinasindikizidwa ku Basel mu 1516, anali ndi buku limodzi lokha la Chivumbulutso, ndipo tsamba lake lomaliza linali litathothoka. Tsono iye, pokhala katswiri, anatenga mavesi 6 otsiriza m'Chilatini nawatembenuzira m'Chigriki. Sanachite mwachinyengo, ndipo m'zolemba zake anavomera kuti anadzaza mpata. Koma osindikiza a pambuyo pake anakopera mawuwo kwa zaka mazana, pamene chenjezo lake linatsalira m'mbuyo. Chotero pa vesi lina, pamene zolembedwa za Chigriki zimatchula mtengo, mabaibulo ambiri analandira buku. Apa tikuona kuti chodzazira mpata, ngakhale chichokere kwa munthu wophunzira ndi wa mtima wabwino, chimayenda mtunda wautali kuposa chenjezo lake, ngati chenjezolo silinamangiriridwe pa icho.

Wina anganene kuti, kodi kuphimba chipsera si chifundo? Kodi pa ukwati, nyimbo ili pakati, tingakonde wailesi yoima n'kulengeza kuti pano pali cholakwa? Ndikuvomera ndi mtima wonse kuti ndi chifundo, ndipo amene anapanga wailesi kuti iziyerekeza anachita bwino. Koma pali maudindo awiri amene sayenera kusokonezedwa. Wina ndi wa wotonthoza, amene amatumikira womvera wa lero, ndipo chimene waphimba chimatha ndi tsikulo, chimbale n'kutsala monga chinalili kuti wina adzayesenso. Wina ndi wa wosunga, amene amatumikira anthu amene sanabadwe, ndipo chimene walemba chidzalowa m'malo mwa chimbale chikadzatayika. Wotonthoza akaphimba, wachita chikondi. Koma wosunga akaphimba osanena, walanda mibadwo yonse ufulu wodziwa pamene pali bala, ndiponso watseka njira ya kuchira, pakuti mpata wodziwika ungathe kudzadzazidwa tsiku limene chimbale china chabwino chidzapezeke, pamene mpata wobisika palibe amene adzaufunefune.

Ndipo ndani mwa ife amene sali wosunga? Kholo losimbira ana mbiri ya mtundu wawo, mlaliki wotanthauzira ndime yovuta, mphunzitsi, nkhoswe yofotokoza zimene zinapanganidwa pa chinkhoswe, mboni pa bwalo la mfumu, onsewa amafika pamalo pamene chikumbumtima chakalika. Ndipo chiyeso chimene chimawadzera si cha bodza lalikulu ayi, koma cha kusalaza pang'ono, kuikapo dzina loyerekeza, chaka choyerekeza, chifukwa chomveka bwino, kuti nkhani isadukize ndipo ulemu wawo usachepe. Ambiri amaopa kuti akanena kuti apa sindikudziwa, anthu adzaleka kuwakhulupirira. Koma ine ndikhulupirira kuti zimachitika mosiyana: munthu amene amaloza yekha malire a chidziwitso chake ndi amene mawu ake ena onse amalemera, monganso kaundula wotchula malo awiri okayikitsa amatipatsa chifukwa chokhulupirira kuti malo ena onse anayesedwa.

Sindikunena kuti tikane zatsopano kuti tisunge zakale. Zimbale sizikhala mpaka muyaya. Zimene timajambula tokha pa kompyuta zimasunga manambala m'utoto umene dzuwa ndi kutentha zimauwononga, ndipo makompyuta ambiri a masiku ano sabweranso ndi draivi. Amene akana kukopera poopa kulakwa adzataya zonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Wantchito uja wa m'fanizo la m'Malemba amene anakwirira ndalama ya mbuye wake sanayamikiridwe chifukwa cha kusamala kwake. Mawu amene sakoperedwa amafa, ndipo kukopera kulikonse kumafuna wowerenga watsopano. Chofunika n'chakuti wowerenga watsopanoyo ayesedwe asanapatsidwe chuma: mutasintha mapulogalamu, tengani chimbale chimene munachikopera bwino kale, muchikoperenso, mufananitse ndi choyambacho, ndipo pokhapokha zitagwirizana mupitirire ku zina. Sungani nyimbo m'njira yosataya kanthu, monga FLAC. Lembani maina a oimba. Ndipo kaundula wa zokayikitsa mumusunge m'malo amodzi ndi nyimbozo, kuti kulikonse kumene zipite, iye apite nazo.

Sitinalonjezedwe kuti tidzalandira zonse zili zamphumphu, ndipo palibe amene adzaimbidwe mlandu chifukwa cha chipsera chimene anachipeza chilipo kale. Chimene chimafunsidwa kwa mdindo n'chakuti akhale wokhulupirika. Ndipo kukhulupirika kwa wokopera ndiko kupereka zimene analandira, zonse zimene anatha kuwerenga, osachotsapo ndi osawonjezerapo, ndi kunena mosabisa pamene maso ake analephera, kuti wobwera pambuyo pake, amene mwina adzakhala ndi diso lakuthwa ndi mboni zochuluka, adziwe poyambira ntchito yake.